Django ndi tizithunzi ting'onoting'ono: ntchito ya ndani?

Funso lomwe landisowetsa tulo m'maphunziro anga a Django, chida chomangira mawebusaiti m'chiyankhulo cha makompyuta cha Python, ndi lakuti: framework (chimango cha pulogalamu chokonzedwa kale) yomwe imabwera ndi tsamba la admin, njira yolowetsera anthu ndi mapasiwedi, chitetezo cha mafomu ndi zina zambirimbiri, bwanji ilibe kanthu kochepetsera zithunzi? ImageField, gawo la Django lolandirira zithunzi, ilipo, inde. Koma ntchito yake ndi kulandira chithunzi, kutsimikiza kuti ndi chithunzidi, n'kuchisunga basi. Ngakhale zimenezo imadalira Pillow, library (pulogalamu yothandizira) ya zithunzi ya Python yomwe umayiika padera. Ukafuna thumbnail, kachithunzi kaja kooneka pa mndandanda wa katundu, udzilembere wekha kapena ukatenge sorl-thumbnail, easy-thumbnails kapena django-imagekit. Zonsezi n'zakunja.

Kuno ku Ulongwe nkhaniyi si yokongoletsa tsamba ayi, ndi ya ndalama. Webusaiti yomwe ndikuphunzirirapo ndi ya alimi a kachewere a ku Angónia ndi Tsangano: mlimi aziika chithunzi cha matumba ake, wogula wa ku Tete kapena ku Moatize aone katundu asanalipire galimoto. Foni ikajambula chithunzi cha mapikiselo 4000 kwa 3000, fayilo yake imalemera mamega 3 kapena 4. Ikani zithunzi 20 zotero pa tsamba limodzi, mamega 60 apita munthu asanawerenge n'komwe mtengo wa thumba. Wa Movitel kapena Vodacom amene wagula mamega a meticais ochepa sangabwerenso kachiwiri. Pomwe chithunzi chomwecho chikachepetsedwa kufika mapikiselo 300, chimatsala makilobayiti makumi angapo chabe, ndipo mbatata zimaonekabe bwinobwino kukula kwake.

N'chifukwa chake ndimawamvetsa omwe amati ntchitoyi ikhale m'kati mwa framework. WordPress, pulogalamu ina yopangira mawebusaiti, imachita zimenezo. Ukangoika chithunzi, yokha imadula ka 150 kwa 150, kena ka 300, kena ka 1024, osakufunsa. Munthu wosadziwa chilichonse za kulemera kwa zithunzi amapulumutsidwa osazindikira. Wophunzira Django yemwe ali pa intaneti yothamanga kwawo sangaone vuto, chifukwa kwa iye tsamba limatseguka nthawi yomweyo. Amene amalipira ndi wina, ali kumunda ku Domwe ndi timizere tiwiri ta netiweki. Chinthu chikakhala chochita kuwonjezera, ambiri sawonjezera.

Koma nditayesa kulemba thumbnail yangayanga ndi Pillow, ndinaona kuti pansi pake pali zambiri. Mizere yochepetsera ndi yochepa kwabasi: tsegula chithunzi, itana thumbnail, sunga. Ndinatenga chithunzi chomwe mayi wina wogulitsa pamsika anajambula foni itaimirira. Mufoni mwake matumba aima bwino. Pa tsamba langa anagona chammbali, ngati galimoto yagubuduka nawo. Chomwe chimachitika n'chakuti kamera sitembenuza mapikiselo. Imangolemba kachizindikiro mu EXIF, mbiri yobisika m'fayilo ya chithunzi, kouza woonetsa kuti atembenuze. Ukasunga chithunzi chatsopano popanda EXIF, kachizindikiroko katayika. Mankhwala ake ndi exif_transpose ya mu ImageOps ya Pillow, kuitana usanachepetse. Mu EXIF momwemo mumathanso kukhala malo a GPS pomwe chithunzi chinajambulidwa, kutanthauza pakhomo pa munthu kapena pomwe wasunga zokolola. Thumbnail imatuluka yoyera, koma fayilo yoyamba ija ikakhala poyera, malowo ali poyeranso.

Kenako mafunso omwe alibe yankho limodzi. Kachithunzi kapangidwe nthawi yomwe munthu akuika, kapena nthawi yomwe wina wakafuna koyamba? Kasungidwe pati? Chithunzi choyamba chikafufutidwa, tiana take atichotse ndani? Kodi tidule m'mbali kuti kakhale kofanana mbali zonse, kapena tisiye momwe chilili? Nanga mtundu wa fayilo ukhale JPEG, WebP kapena AVIF? sorl-thumbnail imapanga pomwe template (chikombole cha tsamba) yapempha n'kusunga mbiri yake mu cache (posungira zofunika msanga) ndi mu database. Django-imagekit imakulola kufotokoza kukula kwake pa model, pomwe umafotokozera zinthu zosungidwa mu database. Django ikanasankha njira imodzi, theka la anthu likanaizembabe.

Chomwe chinandikhutiritsa kwambiri ndi chitetezo. Kutsegula chithunzi chochokera kwa mlendo n'koopsa kuposa momwe zimamvekera, chifukwa mapulogalamu owerenga zithunzi ambiri analembedwa m'chiyankhulo cha C ndipo amakhala ndi timipata. Mu 2016 panapezeka vuto mu ImageMagick, pulogalamu yokonzera zithunzi, lomwe analitcha ImageTragick: fayilo yooneka ngati chithunzi inkatha kulamula seva. Mu September 2023 vuto la mu libwebp, library yowerengera zithunzi za WebP, linachititsa Chrome, Firefox ndi mapulogalamu ena ambiri kutulutsa zokonza mwachangu. Palinso kafayilo kopepuka komwe kakatsegulidwa kamafufuma mpaka kudzaza memory yonse. Pillow imachenjeza chithunzi chikapitirira mapikiselo pafupifupi 89 miliyoni, ndipo imakana chikaposa kawiri pamenepo. Ngakhale chithunzi chabwinobwino cha 4000 kwa 3000 chikatambasulidwa chonse chimadya mamega osachepera 36 a memory. Pa kaseva kotchipa komwe ife timakwanitsa, anthu angapo akaika nthawi imodzi umamva ndithu.

Ndiye onani kathamangidwe kake. Pillow imatulutsa mtundu watsopano miyezi 3 iliyonse. Django imatulutsa miyezi 8 iliyonse, ndipo mitundu ya LTS, yosamalidwa nthawi yaitali, monga 4.2 ya 2023 imasamalidwa zaka 3. Pillow 10 itatuluka mu July 2023 inachotsa dzina lakuti ANTIALIAS, la njira ina yochepetsera chithunzi, ndipo mapulogalamu ambiri omwe ankalitchula anaima. Ka library kakunja kamakonza zotero n'kutulutsa sabata yomweyo ngati eni ake ali maso. Framework yaikulu yolonjeza kusasinthasintha singavine ng'oma ziwiri zosiyana chonchi. Ndipo mbiri ya Django ikusonyeza kuti eni ake amakonda kutulutsa katundu kusiyana n'kulowetsa: gawo lake la localflavor linachoka mu Django 1.6, magawo a comments ndi formtools anachoka mu 1.8, zonse n'kukakhala pazokha.

Tikukambirana zimenezi madzulo ena, achimwene ena omwe anayamba kale ntchitoyi anandiseka. "Iwe mng'ono wanga, nyumba iliyonse imadya nsima, koma ndi nyumba zingati zili ndi chigayo?" Ndinawayankha kuti zoona achimwene, koma mwana aliyense pamudzi amadziwa njira ya kuchigayo. Django njirayo sikulozera. Wophunzira amangogwa m'nkhalango ya ma library, osadziwa yomwe ikusamalidwabe ndi yomwe inasiyidwa kalekale.

Apa ndi pomwe ndimaona kuti a Ruby on Rails, framework ina yomangira mawebusaiti, anaganiza bwino. Active Storage, gawo losamalira mafayilo omwe anthu amaika, inalowa mu Rails 5.2 mu 2018. Mu framework muli kalembedwe kamodzi kopemphera chithunzi chaching'ono, komwe amati variant, koma ntchito yeniyeni yodula imachitidwa ndi ImageMagick kapena libvips kunja. Rails 7 itafika, anasintha kuti mapulojekiti atsopano aziyamba ndi libvips, yomwe imathamanga komanso kudya memory yochepa, anthu osachita kuphunziranso kalembedwe kena. Maganizo anga ndi omwewo: framework ikhale ndi khomo limodzi lodziwika, injini ikhale kunja komwe ingasinthidwe msanga. Kusiya zonse kunja n'kupepukitsa eni framework, katundu n'kumusenzetsa wogula mamega.

Pakadali pano ndasankha easy-thumbnails, ndi makulidwe awiri okha: 300 pa mndandanda, 800 munthu akadina. Ndikupanga tizithunzito nthawi yoika, kuti wogula woyamba asamadikire seva ikugaya. Makampani monga Cloudinary amachita zonsezi m'malo mwako, koma ukapitirira gawo laulere malipiro ake ndi a madola, ndipo alimi a kachewere sangandibwezere zimenezo.

Pali mbali ina yomwe mkangano wonsewu sukhudza n'komwe. Thumbnail ya pa seva imathandiza woona, osati woika. Mlimi uja amatumizabe mamega 4 athunthu kuchokera kumunda, pa netiweki yomwe imaduka chithunzi chili pakati. WhatsApp imachepetsa chithunzi mufoni chisananyamuke, n'chifukwa chake anthu amaikhulupirira. Zomwezo zimatheka pa webusaiti ndi JavaScript: kujambula chithunzi pa canvas yaing'ono (malo ojambulirapo pa tsamba), kuitana toBlob kuti chisanduke fayilo, n'kutumiza chopepukacho. Seva iyenera kufufuzabe chomwe yalandira, poti za mufoni ya munthu sungazidalire. Phunziro langa lotsatira ndi limenelo, ndipo ndikaliyesera pa kafoni ka itel ka malume anga, komwe kamatentha ukangotsegula matsamba awiri.