Kuchokera ku Lusaka kukakwera boti pa Zambezi

Ndinayamba ndi kupeza boti ndisanaganize n'komwe za galimoto. Makampu ambiri a m'mbali mwa Zambezi amatseka nthawi ya mvula chifukwa misewu imaipa, choncho ndinasankha Seputembala, mitsinje ing'onoing'ono itaphwa ndipo nyama zikutsikira kumtsinje waukulu. Ndinaimbira kampu ina ya ku Chiawa, kunja kwa paki ya nyama ya Lower Zambezi, n'kufunsa mtengo wa boti pamodzi ndi mafuta, komanso ngati ndalama zolowera m'paki zili momwemo. Funso lachiwirili musaliiwale. Ndalama zimenezo zimapita ku dipatimenti ya boma yoona za nyama zakutchire, ndipo nzika za Zambia zimalipira zochepa kuposa alendo, bola muonetse NRC, chiphaso cha unzika.

Tinanyamuka m'bandakucha. Ku Chirundu ndi makilomita pafupifupi 135, kudzera ku Kafue. Mukaoloka mlatho n'kusiya msewu wa ku Livingstone kumanja, mumayamba kutsetsereka m'mapiri momwe mathiraki amayenda mokwawa. Pa Kapiri Ngozi musapikisane nawo. Ku Chirundu tinathira mafuta, kugula madzi akumwa, n'kulowa msewu wa ku Chiawa. Pooloka mtsinje wa Kafue kale panali pantoni, tsopano pali mlatho.

Padoko, woyendetsa boti, bambo wachikulire wa komweko, anayamba watipatsa majekete oyandamitsa. "Amayi, dzanja lisalowe m'madzi ngakhale kutenthe bwanji," anauza mkazi wanga. "Ng'ona siichenjeza." Anatiuzanso kuti tsidya linalo ndi Mana Pools, paki ya m'dziko la Zimbabwe, ndipo boti lathu silingakocheze kumeneko.

Za mvuu ndiye anafotokoza mofatsa, ndipo apa m'pamene ndinaona kuti woyendetsa ndi wofunika kuposa kukongola kwa kampu. Mvuu ikadzidzimuka imathawira pakuya. Ndiye iye ankadutsa m'mbali mosaya, osalowa pakati pa mvuu ndi madzi akuyawo, ndipo akaona gulu ankachepetsa injini akadali patali kuti aone bwino pomwe mitu ikuvuukira. Opalasa bwato amachita kugogoda nkhafi m'mbali mwa bwatolo kuti mvuu zimve, zidzutse mitu zidziwike pomwe zili. Yoopsa kwambiri ndi yamphongo yokhala payokha, kapena yaikazi yomwe ili ndi mwana.

Titafika pamene mtsinje wa Chongwe umathira mu Zambezi (ndi Chongwe yemweyu wa kum'mawa kwa Lusaka), tinalowa m'malire a paki ya Lower Zambezi, yomwe inakhazikitsidwa mu 1983 ndipo ndi yaikulu masikweya kilomita 4,092. Njovu zinali pa tizilumba ta bango, zina zikuoloka madzi akuzifika m'khosi, chitamba chokha chili m'mwamba. Njati zinagona m'matope. Nkhwazi, yomwe ija ya pambendera yathu, inkalira pamtengo wouma. Pa gombe lina lotsetsereka panali mauna ambirimbiri a mbalame zofiira zodya njuchi, zomwe zimabwera kudzaswa miyezi imeneyi. Pamenepo anazimitsiratu injini, tinangotengedwa ndi madzi.

Ofuna kuwedza mcheni amalipira chilolezo chapadera, ndipo m'paki nsomba ukaigwira umaibwezera m'madzi. Ine sindinawedze, mafuta a boti okha anali atandidya kale m'thumba.

Ulendo wa m'mawa kapena wa chakumadzulo ndiwo wabwino, chifukwa masana dzuwa la m'chigwamo limawotcha ndipo nyama zimabisala m'mithunzi. Tengani chipewa, zovala zamanja aatali zosakhala zakuda kapena zabuluu poti kashembe amakonda mitundu imeneyo, ndi mankhwala othamangitsa udzudzu, malungo kumeneko ndi ambiri. Ndalama zina nyamulani za m'manja, netiweki imavuta mukangopitirira Chiawa. Pobwerera, chokani ku Chirundu dzuwa likadalipo kuti mapiri aja muwakwere kukuoneka.