Kuyenda m'khitchini imene sinakhomedwe

Ntchito yanga ndi yojambula mapulani a mkati mwa nyumba: makhitchini, makabati a zovala, nthawi zina mashelefu a m'mashopu a ku Old Town, kuno ku Lilongwe. Makasitomala anga ambiri ndi amene akumalizitsa nyumba ku Area 49 ndi ku Area 25, ndipo okhoma ndi akalipentala a ku Mchesi. Chimene chakhala chikutisowetsa mtendere pa ntchitoyi n'chakuti anthu ambiri pulani ya papepala saimva. Umawayalira pepala, iwo n'kuvomera kuti "zili bwino, mayi," koma tsiku limene makabati atsika pa lole m'pamene umamva, "Ii, koma ndiye ndi aakulutu!"

Masiku ano ndimayenda ndi tabuleti. Ndikamaliza kujambula pa SketchUp, pulogalamu yojambulira mapulani, ndimakaima m'chipinda chenichenicho, makoma akadali a pulasitala, n'kuloza kamera pansi. Pa sikirini pamaoneka chipinda chomwecho, koma makabati ataimamo pa kukula kwake kwenikweni. Ukasuntha, iwo amakhala pomwepo. Ukayandikira, umaona mpaka zogwirira. Ndiyo AR imeneyi, augmented reality. Lusoli si la dzulo ayi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Tom Caudell wa ku kampani yopanga ndege ya Boeing ankaliyesa pofuna kuthandiza amisiri olumikiza mawaya. Ambirife tinalimva ndi masewera a Pokémon Go mu 2016, koma linatifika m'manja Apple itatulutsa ARKit mu 2017, Google n'kutsatira ndi ARCore, mapulogalamu othandiza mafoni ndi matabuleti kuchita AR. Chaka chomwecho cha 2017, kampani yogulitsa mipando ya IKEA inayamba kulola anthu kuyesa sofa pabalaza pawo asanagule.

Kwa ine kusintha kwakukulu n'kwakuti mkangano umene unkabwera matabwa atachekedwa kale, tsopano umabwera ndalama isanatuluke m'thumba.

Mwezi watha ndinali kwa banja lina ku Area 49. Bambo a m'nyumbamo anaona pa tsamba la zithunzi la Pinterest khitchini yokhala ndi tebulo lokhazikika pakati, ndipo anaumirira kuti yawonso ikhale choncho. Sindinatsutse. Ndinangoliika momwe ankafunira, n'kupereka tabuleti kwa mayi. Iwo anayenda pang'onopang'ono, ataigwira ndi manja awiri ngati mbale ya ndiwo yodzaza, mpaka anafika pakati pa tebulolo ndi sitovu. Mpata unali masentimita 60 okha, pamene anthu awiri kuti apishane bwino pamafunika mita yathunthu. "Bambo a ana, ine ndikamavundula nsima apa, mwana adutsa pati?" Tebulo linathera pomwepo, ine osanena kanthu.

Kenako anatambasula dzanja cha kumene kunali kabati ya m'mwamba. Ndi afupi mayiwa. "Ndiye ndizikwera pampando pofuna mchere?" Tinaitsitsa. Anafunsanso kuti ndowa ya ufa ikhala pati, nanga silinda ya gasi ya tsiku limene magetsi athima. Mafunso otere papepala sabwera. Ndipo kunena zoona, ena mwa anzanga a ntchitoyi sakukondwa nazo, chifukwa pepala linkatipatsa ulemu wa munthu wodziwa yekha. Ine ndimaona kuti wophika m'khitchinimo amaidziwa kuposa ine, anangosowa poonera.

Koma AR ili ndi mabodza ake. Foni imadziwa pamene ili poyang'ana timadontho ndi timizere ta pansi ndi pakhoma, pamodzi ndi tizipangizo ta mkati timene timamva kusuntha. Ikakumana ndi khoma loyera mbee, kapena matailosi onyezimira amene anthu akuwakonda kwambiri masiku ano, imasokonezeka, kabati n'kuyamba kuyandama. M'nyumba imene sanalumikize magetsi, ikangokwana cha m'ma 5 koloko madzulo, basi, iwalani. Ma iPad Pro amene anayamba kutuluka mu 2020 ali ndi LiDAR, kachipangizo koyeza mtunda ndi kuwala, ndipo amachitako bwino, komabe amatha kuphonya ndi masentimita angapo. Pa khitchini, masentimita awiri ndi okwanira kuti filiji ikane kulowa. Onjezani kuti makoma athu ambiri sakhala owongoka bwinobwino. Tepi yoyezera ndiye sindiisiya.

Kalipentala wanga, bambo wachikulire wa ku Mchesi, anayang'ana sikiriniyo kanthawi, n'kuseka. "Zokongola, achemwali, koma ine ndipatseni manambala." Akunena zoona. Iye amaganiza za pulayiwudi ya mamilimita 2440 mulitali ndi 1220 mulifupi, kuti atulutsamo zitseko zingati, ndi kuti zotsala zipita pati. Tabuleti siidziwa mtengo wa bolodi ya sabata ino. Siidziwanso fumbi la Lilongwe la mwezi wa Okutobala: kabati yoyera yonyezimira imaoneka bwino pa sikirini, koma m'nyumba yoyandikana ndi msewu wadothi mudzaipukuta m'mawa ndi madzulo. Choncho zidutswa za matabwa ndi za utoto ndimayenda nazobe m'chikwama, kuti munthu agwire ndi dzanja, aone ndi kuwala kwa pa zenera lake.

Ena amandipempha kuti ndiwatumizire pa WhatsApp akaonere kunyumba. Nthawi zambiri sizitheka, chifukwa ARCore imagwira pa mafoni okhawo amene Google inawavomereza, ndipo ambiri mwa otchipa amene tili nawo kuno salipo pa mndandandawo. Za magalasi ovala kumaso ndiye tisanene. Vision Pro ya Apple inatuluka mu 2024 pa mtengo wa madola 3,499, ndalama yokhomera makhitchini angapo.

Vuto latsopano limene labwera n'lakuti kusintha kwaphweka kwambiri. Munthu akaona kuti mtundu wa zitseko ukusintha ndi chala chimodzi, amafuna ayese wobiriwira, wotuwa, kenako aitane mlamu wake adzaonenso Loweruka. Pano m'pangano langa ndinalembamo kuti kusintha n'kawiri kokha. Kachitatu amalipira, ndi mafuta a galimoto omwe.