Mmene tinaonera osmosis ndi kachewere wa pachiwaya

Ndimakazinga tchipisi ku Ndirande, ndipo kachewere ndamusenda zaka zambiri. Mwana wanga wamkazi ali Fomu 3. Tsiku lina anabwera ndi kope la Biology nkhope ili yakugwa, akuti mawu oti osmosis waloweza koma sakuwamvetsa, chikhalirecho mayeso a MANEB ndi chaka chamawa. Ndinamuuza andiwerengere zomwe analemba. Atangotchula mbatata ndi mchere, ndinati tiyeni tichite pompano.

Tinasankha kachewere mmodzi wamkulu, wosafota. Ulendo woyamba ndinalakwitsa ndine: ndinadula mwachizolowezi cha pachiwaya, tizidutswa tina tonenepa, tina towonda. "Adadi, chonchi tidziwa bwanji kuti kasintha ndi kati?" Ananena zoona. Tinayambanso ndi rula, kalikonse masentimita 5, kunenepa kofanana, kopanda khungu.

Kenako makapu atatu, madzi ofanana. Yoyamba madzi okha, yachiwiri kamchere kotsina ndi zala, yachitatu masupuni awiri odzaza, kutakasa mpaka usungunuke. M'kapu iliyonse tinaikamo tizidutswa titatu, tinavindikira, n'kusiya maola awiri.

Povuula tinayamba tapukuta ndi kansalu tisanayeze. Ta m'madzi okha tinali gwa, titatalika pang'ono kupitirira 5, ndipo nditapinda kamodzi kanathyoka kuti thyo! Ta m'kapu yachiwiri sitinasinthe kwenikweni. Koma ta mumchere wambiri tinafupika, tili lobodo ngati lamba wakutha, moti kamodzi ndinakapinda nsonga n'kukumana osathyoka.

Apa mwana ndiye anasanduka mphunzitsi. Kachewere ndi maselo ang'onoang'ono, ndipo selo iliyonse yakutidwa ndi kachikopa kopyapyala komwe madzi amadutsa mosavuta, pomwe mchere ndi shuga sizidutsa chisawawa. Madzi amachoka mbali yomwe mchere ndi wochepa kupita komwe wachuluka, ndipo imeneyi ndiyo osmosis. M'kapu yoyamba analowa m'maselo mpaka anafufuma, koma sanaphulike chifukwa selo ya chomera ili ndi khoma lolimba kunja kwake. M'kapu yachitatu anatuluka, maselo n'kukhwinyata.

Ine mtima unagunda, chifukwa izi ndimaziona m'mawa uliwonse. Tchipisi zodula ndikaziviika m'ndowa ya madzi zimalimba gwa, ndipo kabichi wa saladi ndikafulumira kuthira mchere amatuluka madzi n'kulefuka makasitomala asanafike. Chifukwa chake ndinali ndisanachidziwe.

Chomwe chinandikhudza kwambiri ndi cha magazi. Maselo athu alibe khoma lija. Selo yofiira ya magazi ikaikidwa m'madzi okha imamwa mpaka kuphulika, ikaikidwa mumchere wambiri imafota. N'chifukwa chake dripu yamchere ya kuchipatala amaiyeza ndendende, magalamu 9 a mchere pa lita imodzi. Ndinakumbukira kolera ya 2022 ndi 2023, ija inachedwetsa kutsegulira sukulu muno mu Blantyre, azaumoyo akutikakamiza kuti paketi ya Thanzi ORS tizisungunula mu lita imodzi yathunthu, osachepetsa madzi. Mukachepetsa, mchere ndi shuga zimachuluka m'matumbo n'kukoka madzi kuchoka m'thupi la wodwala amene watha kale madzi.

Mwana anajambula tebulo m'kope, nalemba miyezo yonse isanu ndi inayi. Mawa lake anatenga kachewere awiri m'thumba langa la geni, akuti akawaonetse anzake a m'kalasi.