Wotchi yanga ya asilikali a pansi pa nyanja

Wotchi imeneyi ndinaigula pamsika ku Lilongwe, kwa mnyamata wina amene analumbira kuti yangotsika kumene m'ndege. Yakuda bii, manambala owala usiku, pankhope palembedwa Fifty Fathoms. Ndinachezera usiku wonse kuloweza mbiri yake, moti pomwe tinkapita ku Senga Bay pa Khirisimasi n'kuti nditasanduka mphunzitsi.

Amene anaona zakuda ndi alamu anga.

"Alamu, mukuiona iyi? Mtundu umenewu unayamba mu 1953. Asilikali a ku France osambira pansi pa nyanja, mmodzi wa akuluakulu awo Bob Maloubier, ankafuna wotchi yowerengeka mumdima, kampani ya Blancpain n'kuwapangira. Imapirira kuya kwa mamita 91!"

Ndinawaonetsanso mkombero wake wozungulira. Pomira umaulozetsa pa muvi wa mphindi kuti uziona nthawi imene wakhala pansi. Ndipo umazungulira mbali imodzi yokha, kuti ukagunda mwala uzionetsa ngati wakhalitsa, utuluke mpweya usanakuthere. Alamu anangoti "Oho," n'kupitiriza kusadzula mutu wa chambo.

Basi ndinavula malaya. Kusambira sindidziwa, ndinakulira kumapiri ku Dedza, koma munthu wovala wotchi ya asilikali angakhale pamchenga kumalondera nsapato za ana? Ndinalowa mpaka madzi kulekeza m'chiuno, ndinapotokola mkombero uja anthu onse akuona, ndinatsina mphuno, phava!

Ndinavuuka ndikutsokomola, madzi ali chuchuchu m'mphuno. Poyang'ana pamkono kuti ndione mphindi zimene ndapirira, ndinapeza galasi lachita nkhungu. Pansi pa nkhunguyo madzi anali atafika pa 9 ndi 3, kamuvi ka masekondi kakuyandama ngati usipa wakufa. Mkombero kunalibe.

Anautola ndi kamnyamata ka asodzi, kopanda wotchi, kopanda malaya. Kanamira nthawi yaitali mpaka ine mtima unayamba kugunda, kenako kanatulukira patali katanyamula mkombero m'mwamba. Kanati ndikapatse ya Fanta.

Mayi a kunyumba anafunsa mtengo wa wotchiyo, ine n'kuyambanso kutsokomola. Alamu anasamba m'manja mosafulumira, anaitenga, anaigwedeza pafupi ndi khutu.

"Ikuyenda ndithu, alamu," anatero. "Kungoti amene akuyenda ndi madzi. Paja munati mamita angati?"