Pateni ya pa intaneti ndi dzuwa la ku Ngabu

Atelala ambiri kuno kuchigwa alibe nayo ntchito pateni. Mukapita ndi chitenje pa Ngabu, pa Nchalo kapena pa Bangula, telala amakuyezani ndi tepi, n'kulemba manambala m'kope lakale la kusukulu. Mukangoti mutembenuke, nsalu yayalidwa kale pathebulo, choko chadutsa, sizasi yalowa. Pateni ili m'mutu mwawo, inalowamo ndi zaka. Ine zakazo ndilibe. Ndili ndi makina a Butterfly opalasa ndi miyendo amene anandisiyira azakhali, ndiponso foni. Ndiye ndinasankha kuphunzira kusoka kudzera papepala, ngakhale anzanga ankati ndikuzungulira njira.

Pateni ndi chovala chophwasulidwa n'kujambulidwa papepala, kutsogolo pakokha, kumbuyo pakokha, manja paokha. Yoyamba ndinaitenga pa intaneti, ya diresi wamba. Zoterezi zimabwera m'mapepala a A4 ambirimbiri oti uwamate pamodzi, ndipo phunziro limayambira kosindikizira komweko usanagwire n'komwe singano. Patsamba lina pamakhala kabokosi koyesera, kolembedwa kuti mbali zake ndi masentimita 5 kapena 10, pena inchi imodzi. Makina osindikizira amakonda kuchepetsa chithunzi kuti chikwane papepala. Kuchepako m'maso sikuoneka, koma kukazungulira chiuno chonse zipi sitsekeka. Uwauze osindikizawo asindikize pa 100%, tsamba la kabokosi lokhalo kaye, uyeze ndi tepi uli pomwepo, kenako ena onsewo. Ndikamata, ndimakopera papepala lakhaki lolimba, chifukwa A4 womatamata sachedwa kung'ambika m'manja mwa thukuta.

Pachidutswa chilichonse pali mzere wautali wokhala ndi mivi. Malangizo amati mzerewo uzilondola m'mphepete mwa nsalu, muja mumalembedwa dzina la fakitale. Ndinkatsatira, koma chifukwa chake sindinkachimva. Ndinakafunsa bambo ena achikulire amene amasoka pakhonde la sitolo kumsika.

"Bambo, nanga inu popanda muvi mumadziwa bwanji kuti nsalu yagona bwino?"

Sanayankhe msanga. Anatola kansalu kotsala pansi n'kundipatsa. "Kokani m'litali, mayi." Ndinakoka, sikanasunthe. "Kokani m'lifupi." Kanavomera pang'ono. "Tsopano gwirani ngodya iyi ndi iyo." Kanatamuka moti maluwa a pachitenjepo anapotoka. "Mukadula mopingasa chonchi osadziwa, siketi yanu izitsika mbali imodzi mukaichapa, ndipo muzinena kuti telala ndi mfiti."

Muvi uja ndiye umenewo. Iwo amaumva m'zala, ine ndimauwerenga papepala n'kuyeza ndi tepi kumutu ndi kumchira kuti mtunda wofika m'mphepete ufanane.

Za malo a msoko sindichedwapo. Mapateni ambiri amasiyiratu masentimita 1.5 kuzungulira chidutswa, amene pa tepi ya atelala athu ndi 5/8 ya inchi. Ena, monga a m'magazini a Burda, sasiya, umaonjezera wekha. Uwerenge usanadule, basi.

Pamene ndatherapo nthawi yambiri ndi apa: pateni sidziwa kuti kuno ndi kuti. Amene anaijambula sanakhalepo pa Ngabu mu Okutobala kapena Novembala, kutentha kukupitirira madigiri 40, mphepo ya masana ili yowotcha. Diresi lija linali logwira thupi, la layiningi kuyambira m'mapewa mpaka m'mawondo. Layiningi imene timaipeza m'misika yathu nthawi zambiri ndi ya poliyesitala, ndipo kuivala nyengo imeneyo n'chimodzimodzi kudzikulunga m'jumbo. Taonani amayi ovala nashonale weya paukwati wa masana, mmene amadzikupizira ndi mapulogalamu.

Chimene pateni inandiphunzitsa, mwina mosafuna, n'chakuti muyezo wa thupi ndi muyezo wa chovala ndi manambala awiri osiyana. Pakati pawo pali danga lopumira. Chovala chogwira thupi cha nsalu yosatamuka chimafuna masentimita pafupifupi 5 owonjezera pachifuwa kuti munthu apume ndi kukweza mkono. Ine ndimaika 10, nthawi zina kuposapo. M'khwapa ndimatsitsa ndi sentimita imodzi kapena awiri kuti mphepo izidutsa. Layiningi ndinaichotseratu. M'khosi ndimapenderamo kalamba ka nsalu kodula mopingasa, pa madigiri 45, kutamuka kuja anandionetsa bambo aja n'kukhala kothandiza, chifukwa kalambako kamapinda kutsatira khosi osachita makwinya. Misoko ya m'kati ndimaisoka kawiri, koyamba kunja kenako n'kutembenuza, kuti ulusi wa m'mbali ubisike. Makina a ovaloko, opendera m'mbali mwa nsalu kuti isasosoke, ndilibe, ndipo magetsi ake ndingawadalire liti?

Zosintha zonsezi zimachitikira papepala ndi pensulo. Ndikatha ndimasoka kaye pansalu yofunda yakale kapena chitenje chothaitha, kuvala, kukhala pansi, kuwerama ngati ndikutola mtsuko, kukwera njinga. Pamene pakukoka ndimalembapo ndi choko n'kubwerera kupepala. Apa mpamene ndimaona kuti njira yanga si yozungulira. Telala akadula wadula, ndipo akaphonya ndi chitenje chanu chimene chapita. Pepala ungalidule ndi kulimata kangati konse.

Nsalu nayo ili ndi nkhani yake. Si chitenje chilichonse chimene chili cha thonje, ngakhale wogulitsa alumbire. Sololani timaulusi m'mbali, muyatse ndi machesi pambale yachitsulo. Thonje limayaka msanga, limanunkha pepala lopsa, phulusa lake n'lofewa loti ukalikhudza limangoyoyoka. Poliyesitala amanyala kuthawa moto, amasungunuka, n'kusiya kanjere kakuda kolimba. Yosakaniza imachita zonse ziwiri. Ikakhala ya thonje ichapeni musanadule, ichite kufupika kwake ili yosasoka, ndipo kukhuthala kwa kusitolo kuchoke. Muisite ndi simbi, yamakala yomweyi imatha. Kumbukiraninso kuti chitenje m'lifupi chimakhala cha m'ma 115 sentimita, pomwe mapateni ambiri amawerengeranso nsalu ya 150. Chitenje chimodzi cha mamita awiri chimakwana siketi kapena bulauzi, koma diresi la manja n'lovuta, makamaka maluwa akakhala oyang'ana mbali imodzi moti sungatembenuze zidutswa kuti zipanikizane.

Zimandiwawa ndithu kuti ndiziyatsa machesi kufufuza thonje ndili m'dera la thonje. Chikwawa ndi Nsanje alima mbewu imeneyi kuyambira kalekale. David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuwomba nsalu m'midzi mwawo, nsalu za machila zimene ankagulitsa kutali. Lero thonje lathu limakwera mtunda wa Thabwa pamalole, ife n'kutsala tikusankha m'milu ya kaunjika pa Dyeratu. Nsalu zosindikizidwa m'dziko momwe muno zilipo, za kufakitale ya Mapeto ku Blantyre imene kale inali David Whitehead, koma pamsika zimapikisana ndi zochokera kunja zotsika mtengo.

Wina asakunamizeni kuti kudzisokera n'kotchipa. Mukawonkhetsa nsalu, ulusi, zipi ndi masana onse opalasa makina, bulauzi ya pakaunjika imapambana kutali. Chimene kaunjika sangandipatse ndi chovala chodziwa kuti kumtunda ndimavala saizi ina, m'chiuno ina, ndiponso chokhala ndi matumba akuya olowa foni ndi makiyi. Matumbawo pateni inalibe, ndinajambula ndekha pozunguliza dzanja langa papepala.

Panopa ndili pa manja a malaya. Mutu wa dzanja umakhala wautali pang'ono kuposa bowo limene ukulowamo, ndipo umayenera kuukhwinyitsa ndi ulusi wotayirira mpaka ukwane popanda khwinya looneka. Timizere todula m'mbali mwa pateni timasonyeza pokumanira: kamodzi kutsogolo, tiwiri kumbuyo. Bambo aja akuti ndikawaonetse Loweruka, tsiku limene makasitomala awo ambiri amakhala kumaukwati.