Suti yanga ku Bangkok

Ndinafika ku Bangkok, likulu la dziko la Thailand, usiku wa pa 12 Epulo, ndipo kutacha ndinavala suti yanga yakuda, imene ndimaisungira maukwati okhaokha, chifukwa ndinkafuna kukajambulitsa ku kachisi wa Wat Pho, komwe kuli chifanizo cha Buddha chogona chotalika mamita 46, kuti abale kumudzi aone kuti mwana wawo wayenda. Mayi wa pamalo ogona alendo atayang'ana sutiyo anandipatsa kathumba ka pulasitiki akumwetulira, koma ndinakakana mwaulemu poganiza kuti akundigulitsa.

Ndinakwera tuk-tuk, njinga yamoto ya matayala atatu yopanda zitseko, ndipo ndinakhala mwachifatse ngati bwana. Titaima pa maloboti oyamba, agogo ena okalamba ndithu anatuluka m'sitolo atanyamula ndowa, anandiyang'ana mwachikondi, nandikhuthulira madzi oundana kuyambira kumutu mpaka m'nsapato. Kwathu munthu akakuthira madzi pagulu ndiye kuti mlandu wafika kwa amfumu, choncho ndinayamba kufufuza mumtima chimene ndinawalakwira agogowo. Ndisanachipeze, galimoto yodzaza ndi achinyamata onyamula mfuti za madzi inaima pambali pathu, ndipo onse anasiya kuthirana okhaokha n'kulunjika pa suti. Mtsikana wina anatsika, anandipepesa poika manja pamodzi, kenaka anandipaka phala loyera m'masaya onse awiri.

Ndinatembenukira kwa dalaivala kuti andiyankhulire, koma nayenso anali akudontha, ndipo anangofuula mosangalala kuti, "Songkran!" Apa m'pamene ndinadziwa kuti ndafika pa chikondwerero cha chaka chatsopano cha anthu a ku Thailand, chomwe chimachitika kuyambira pa 13 mpaka pa 15 Epulo, nyengo yotentha kwambiri, pamene kuthirana madzi kumatanthauza kutsuka tsoka la chaka chatha. Achikulire amangowathira pang'ono m'manja mwaulemu, kotero ndinadzitonthoza kuti mwina ndikuonekabe mnyamata.

Ndalama zanga za baht zinamatana ngati chikondamoyo, ndipo dalaivala anazilandira osadandaula. Foni inapulumuka mwamwayi, ndipo chithunzi ndinajambulitsadi, ngakhale tayi anali atakhota ndipo nsapato zinkalira ngati achule a m'dambo. Nditachitumiza kunyumba, mayi a ana anayankha mofulumira kuti, "Bambo, munatsanzika kuti mukupita kukaona malo, nanga ganyu ya pachigayoyi mwaiyamba liti?"