Bonnie Kate wa ku Sligo ndi wa ku Donegal

Nyimbo imene ndikulimbana nayo pa vayolini masiku ano ndi Bonnie Kate. Ndi ya gule wothamanga wa ku Ireland wotchedwa reel. Ilibe mawu, ili ndi zigawo ziwiri zokha, ndipo woimba amangozibwereza mpaka ovina atakhutira. Aphunzitsi anga, bambo achikulire amene anakulira kumadzulo kwa dzikolo, anakana kundipatsa pepala la manotsi. Anati ndiyambe ndamvera oimba vayolini awiri, Michael Coleman ndi John Doherty, kenaka ndikawauze ngati ndamva nyimbo imodzi kapena ziwiri.

Coleman anabadwa mu 1891 kudera la Killavil m'boma la Sligo, ndipo anapita ku America mu 1914. Ku New York ndi kumene anajambula mbale zake za galamafoni, kuyambira mu 1921. Bonnie Kate anaijambula mu 1934 ku kampani ya Decca. Mbale za nthawi imeneyo zinkatenga mphindi zitatu zokha mbali imodzi, koma zimene munthuyu anapanikiza m'mphindi zitatuzo n'zodabwitsa. Ndinachepetsa liwiro la nyimboyo pa foni kuti ndimve bwino zala zake. Pamene ndinkaganiza kuti pali noti imodzi yaitali, ndinapezapo tinoti tisanu: chala chimagunda pamwamba, n'kubwerera, n'kutsika pansi, n'kubwereranso, zonsezo uta woimbira vayolini ukuyenda ulendo umodzi. Ndipo akabwereza chigawo sachibwereza momwe anachiimbira poyamba. Apa wakwera, apo wadumpha, kwinaku watsetsereka ndi tinoti titatutitatu ngati madzi otsika pa mwala.

Doherty ndi munthu wina kotheratu. Anali wa ku Donegal, kumpoto chakumadzulo, wa m'banja la anthu oyendayenda okhoma ziwiya za malata, ndipo anamwalira mu 1980. Ankagona m'makomo mwa anthu, masana kugulitsa, usiku kuimba, nthawi zambiri pa vayolini yobwereka pakhomopo. Kwa iye ntchito yaikulu ili ku dzanja la uta. Manotsi ambiri amawapatsa aliyense ulendo wakewake wa uta, kukankha, kukoka, kukankha, mwakuti nyimboyo imamveka yakuthwa, yowala, yosanyengerera. Zokometsera zimene Coleman amapanga ndi zala za kumanzere, Doherty amakonda kuzipanga ndi kagwedezedwe kakang'ono ka dzanja lamanja.

Chifukwa chake chili m'mbiri ya malowo. Anthu a ku Donegal ankawoloka nyanja chaka ndi chaka kukagwira maganyu okumba mbatata ku Scotland, ndipo ankabwerako ndi nyimbo ndi kaimbidwe ka kumeneko. Chosangalatsa n'chakuti Bonnie Kate mwiniwakeyo ndi mlendo wochokera komweko. Ofufuza amailumikiza ndi The Bonny Lass of Fisherrow, nyimbo ya Daniel Dow, amene ankakhala ku Edinburgh m'zaka za m'ma 1700. Choncho m'manja mwa Doherty ndimamva ngati nyimboyo ikukumbukira kwawo.

Ndinabwerera kwa aphunzitsi ndi yankho lakuti ndi nyimbo imodzi, koma kuti ndinaizindikira bwino nditamva onse awiri. Zimene zimakhala malo amodzi kwa Coleman ndi kwa Doherty, manotsi ogwera pamene phazi la wovina limagunda pansi, ndiwo mafupa ake. Zina zonsezo ndi za woimba. Ndikanangomvera Coleman yekha, ndikanatenga zokometsera zake ngati ndiyo nyimboyo.

Ndipo izi n'zimene zinachitikira dziko lonse la Ireland. Anthu okhala ku America ankatumiza mbalezo kwa abale awo, ndipo mudzi unkasonkhana pakhomo pamene panali galamafoni. Coleman, James Morrison ndi Paddy Killoran, onse a ku Sligo, anamveka m'maboma momwe anthu anali asanamvepo kaimbidwe kotero. Achinyamata anayamba kutsanzira. Ena anasiya kaimbidwe ka makolo awo poona ngati n'kachimidzi, ndipo amati panali achikulire amene anapachika vayolini atamva kuti sangafikepo. Nkhani imeneyi imandipweteka mtima. Mbalezo zinapulumutsa nyimbo panthawi imene anthu ankathawa umphawi n'kusiya midzi yopanda achinyamata, koma zinaphimbanso mawu a madera ang'onoang'ono amene palibe anawajambula. Zimene tili nazo za Doherty tili nazo chifukwa anthu osonkhanitsa nyimbo ngati Alan Lomax ndi Peter Kennedy anamulondola ndi makina ojambulira mawu m'zaka za m'ma 1950. Nanga anzake amene makina sanawapeze?

Komabe sindikufuna kumuimba mlandu Coleman. Iye sanauze munthu kuti aloweze mbale yake. Chimene mbaleyo ikuphunzitsa, ukaimvetsera modekha, n'chakuti nyimbo isaimbidwe kawiri mofanana. Amene amatsanzira noti iliyonse ya mu 1934 atenga zovala za Coleman n'kusiya mwiniwake. Ndayambanso kusamala ndi mawu akuti "kaimbidwe ka ku Sligo" kapena "ka ku Donegal". Amathandiza poyamba, monganso zimathandizira kudziwa kuti m'boma la Clare amakonda kuyenda mofatsa ndipo ku Sliabh Luachra, m'malire a Cork ndi Kerry, mtima wawo uli pa magule otchedwa polka ndi slide. Koma zambiri zimene timati ndi za ku Sligo ndi luso la munthu mmodzi, ndipo Doherty naye anali ndi zakezake zimene mnansi wake analibe.

Pepala lija aphunzitsi anandipatsa pamapeto pake. Mabuku a manotsi ali ndi ntchito yake: Francis O'Neill, amene anali mkulu wa apolisi ku Chicago, anasindikiza nyimbo 1,850 mu 1903 ndi zina 1,001 za magule mu 1907, ndipo zambiri zikanatayika popanda iye. Koma pepala silikuuza kuti uta ukankhe pati, kapena noti iti ilemere kuposa inzake.

Pakali pano ndikuimba mafupa okhaokha, pang'onopang'ono, chigawo choyamba ndi uta wa Doherty, n'kuchibwereza ndi kokometsera kamodzi ka Coleman. Kachiwiri dzanja silinakalole. Ndiyeno pali ntchito ina ikundidikira. Pa mbale ija Coleman anatsatiza Bonnie Kate ndi Jenny's Chickens, ndipo mpaka lero oimba akakumana, wina akangomaliza yoyambayo onse amalowa mu yachiwiriyo osauzana. Imeneyo ili ndi zigawo zitatu, ndipo nayonso ili ndi m'bale wake ku Scotland, Sleepy Maggie, amene ndiyenera kumumvera ndisanagwire uta.